Kukonzekeretsa ana osambira ku mpikisano waukulu wa misinkhu yawo

Aphunzitsi anzanga, musanalowetse mwana m'madzi, werengani kaye malamulo a mpikisanowo. Ana amaikidwa m'magulu, monga a zaka 11 ndi 12 kapena 13 ndi 14, koma zakazo amaziwerengera pa tsiku lomwe okonza asankha. Ena amatenga tsiku loyamba la mpikisano, ena amatenga 31 Disembala, choncho mwana akhoza kugwera m'gulu lomwe simumaliyembekezera. Onaninso nthawi yomwe ayenera kukwanitsa kuti amulole kulowa, komanso kutalika kwa dziwe. Pa mamita 100, m'dziwe la mamita 25 mwana amatembenuka katatu, pamene m'dziwe la mamita 50 amatembenuka kamodzi kokha. Kukankha khoma kumawonjezera liwiro, n'chifukwa chake nthawi za m'dziwe lalifupi zimakhala zabwinoko. Wozolowera dziwe lalifupi amatha kulefuka asanafike kutsidya akamuika m'lalitali, motero mupezereni mpata woyeserera mmenemo kangapo.

Werengani masabata pafupifupi 12 chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la mpikisano. Theka loyamba likhale lomanga mpweya ndi kukonza kasambiridwe: mitunda yaitali pa liwiro lapakati, maso anu ali pa kaponyedwe ka mkono ndi kagonedwe ka thupi pamadzi. Kenaka bweretsani liwiro la mpikisano m'zidutswa zazifupi. Mwana amene akufuna masekondi 72 pa mamita 100 azisambira mamita 25 m'masekondi 18, apume mokwanira, abwereze ka 8 kapena ka 10. Akayamba kupyola masekondiwo kapena kasambiridwe kakayamba kusokonekera, imitsani. Kupitiriza pamenepo n'kuphunzitsa thupi kusambira molakwika. Ana osakwana zaka 12 musawakhazike pa mtundu umodzi wa kasambiridwe, ngakhale ataoneka akatswiri pa umodziwo. Matupi awo akusintha, ndipo kubwereza chinthu chimodzimodzi kumavulaza phewa. Mwana akadandaula phewa, musamuuze kuti alimbe mtima. Chepetsani ntchito, ndipo ululu ukapitirira masiku angapo akaonane ndi adokotala.

Chomwe chimatipweteka kwambiri ife aphunzitsi ndi kuona mwana wakhama akuchotsedwa chifukwa cha lamulo lomwe akanalizolowera ku maphunziro. Malamulo a World Aquatics, bungwe lomwe kale linkatchedwa FINA, amati wonyamuka chizindikiro chisanalire wachotsedwa, palibe mwayi wachiwiri. Pa breaststroke (kusambira ngati chule) ndi butterfly (kuponya manja onse awiri kutsogolo pamwamba pa madzi nthawi imodzi), manja onse awiri akhudze khoma nthawi imodzi, potembenuka ndi pomaliza pomwe. Mwana wotopa amafulumira kutambasula dzanja limodzi, ndipo woweruza waima pomwepo akuyang'ana. Pa freestyle (kusambira chafufumimba moponya mikono mosinthanasinthana), backstroke (kusambira chagada) ndi butterfly, mutu utuluke m'madzi asanapyole mamita 15 akanyamuka kapena akatembenuka. Wosambira chagada amalize ali chagadabe. Timbendera tochenjeza wosambira chagada kuti khoma layandikira timapachikidwa pamwamba pa dziwe mamita 5 kuchokera kukhoma, ndiye mwana aliyense adziwe kuti amaponya mikono kangati kuchokera patimbendera kufika pakhoma, ndipo awerenge ali pa liwiro la mpikisano chifukwa chiwerengerocho chimasintha akathamanga. Pa medley (kuphatikiza mitundu inayi yonseyi) ya munthu mmodzi ndondomeko ndi butterfly, backstroke, breaststroke, kenaka freestyle, koma pa medley yopatsirana ya osambira anayi amayamba ndi backstroke. Musalekerere cholakwa chilichonse mwa izi ku maphunziro, ngakhale pa kusambira kotenthetsa thupi chabe. Chomwe dzanja lazolowera tsiku ndi tsiku ndi chomwe lidzachite mantha akadzafika.

Masiku otsiriza ndi ochepetsa ntchito kuti thupi lipume. Apa aphunzitsi ambiri amalakwitsa mbali ziwiri. Ena, poopa kuti mwana sanakonzeke, amawonjezera mitunda, mwana n'kufika pa mpikisano manja ali lefu. Ena amatengera zomwe akuluakulu amachita n'kupumitsa mwana masabata atatu. Mwana wamng'ono alibe minofu yambiri yofuna kupuma kotalika. Kwa osakwana zaka 12 masiku ochepa mpaka sabata imodzi n'zokwanira, pamene achinyamata okulirapo angafune sabata ziwiri. Chepetsani kuchuluka kwa mamita, koma liwiro lisatsike, ndipo masiku olowa m'madzi akhale omwewo kuti asataye kamvedwe ka madzi. Tulo n'tofunika ngati maphunziro omwe: maola 9 mpaka 12 kwa ana a zaka 6 mpaka 12, ndi maola 8 mpaka 10 kwa okulirapo.

Pa tsiku lenilenilo pasakhale chachilendo. Mwana adye chakudya chomwe anachizolowera, chosachuluka mafuta, kutatsala maola awiri kapena atatu, ndipo azimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse. Magalasi a m'madzi akhale omwe anawayesa kale podumpha kuchokera pa chiunda chonyamukira. Atsopano amakonda kuvuka kapena kulowetsa madzi. Atenge ena apadera, chipewa chapadera, matawulo awiri ndi zovala zofunda, chifukwa kudikira kumatalika ndipo thupi lozizira silithamanga. Potenthetsa thupi ayese makoma ndi ziunda za dziwe limenelo, awerengenso mikono yake patimbendera. Akamaliza kupikisana asambire pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kapena kupitirirapo, makamaka ngati ali ndi mpikisano wina kapena fainolo madzulo.

Malangizo omaliza akhale amodzi kapena awiri basi, monga "kankha khoma mwamphamvu" kapena "usapume mpweya pa mikono iwiri yoyamba". Makolo auzeni pasadakhale kuti zokonza kasambiridwe azisiyire mphunzitsi. Mwana akatuluka m'madzi mumufunse kaye mmene waonera iye mwini, kenaka muyerekeze nthawi yake ndi yomwe anali nayo kale. Pa misinkhu imeneyi wopambana nthawi zambiri amakhala amene wakula msanga thupi, ndipo zimenezi zimasintha pakangopita zaka ziwiri kapena zitatu.