Kumvera Magetsi a M'nkhungu Pogwiritsa Ntchito Wailesi ya Mabatire

M'miyezi ya June ndi July, nkhungu ikakuta madambo a ku Mchinji m'mamawa, mawaya akuluakulu a ESCOM amathetheka ngati mafuta m'chiwaya. Khutu lokha limangomva pang'ono, koma wailesi imatola zambiri ngakhale mutaima patali.

Pezani kawailesi ka mabatire kokhala ndi AM (pena amalemba MW). Ka FM kokhakokha musavutike nako, chifukwa FM imasefa phokoso lomwe mukulifunalo. Pakati pa 530 ndi 1600 kHz, sakani malo opanda siteshoni iliyonse, pongomveka "shiii", kenaka kwezani mawu pang'ono.

Imani mamita 30 kapena kuposerapo kuchoka pamawaya. Tembenuzani wailesiyo pang'onopang'ono ili m'manja. Mkati mwake muli kandodo kakuda ka ferrite kokulungidwa ndi waya, ndipo ndi kameneka kamamva AM, osati eriyo yokoka ija. Mukamatembenuza, phokoso limachepa kenaka n'kubwereranso. Eriyoyo ingoipindani.

Nanga nkhungu ikudzatani apa? Mpweya wouma salola magetsi kudutsa mpaka mphamvu yake ifike pafupifupi mavolti 30,000 pa sentimita imodzi. Timadontho tikakhala pawaya timakokeka n'kusongoka kunsonga, ndipo mphamvu imaunjikana pansongapo mpaka mpweya wapamenepo kugonja. Kuthetheka kotereku akatswiri amati corona. Magetsi athu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi, choncho kuthethekako kumabwera maulendo 100 pa sekondi, kamodzi popita ndi kamodzi pobwerera, n'chifukwa chake pansi pa "shiii" mumamva kung'ung'udza. Fumbi la m'chilimwe likamatirira pa mbale zagalasi zogwirira mawaya, nkhungu n'kulinyowetsa, magetsi amayamba kukwawa pamwamba pake ndipo phokoso limakula. Dzuwa likangoumitsa, zii. Bwererani pamalo omwewo masana mudzayerekeze.

Ambiri amanamizidwa ndi za m'thumba mwawo. Foni, chaja, babu la LED ndi inverter ya sola zonse zimalira pa AM. Thimitsani foni, ndipo wailesi isalumikizidwe kukhoma. Ngati phokoso silikusintha pamene mukuyenda, gwero lake mwalinyamula nokha. Phokoso likakhala laukali, lodukaduka, pa pholo limodzi lokha ngakhale kunja kuli gwa, kawirikawiri ndi cholumikizira chomasuka kapena mbale yosweka. Lembani malowo mukawauze a ESCOM, osagwedeza pholo.

Musanyamule nsungwi yonyowa, chitsulo kapena waya wautali pansi pa mawayawo. Magetsi amphamvu chotere sadikira kuti muwakhudze, amalumpha.

Dzinja likafika, wailesi yomweyo imatola mphenzi zakutali: "khrr" iliyonse ndi ching'aning'ani chomwe mwina maso sanachione. Izi mverani muli m'nyumba. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi 3 aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi.