Mmene mungasonkhanitsire nyimbo za ku Japan za m'miyezi ya Meyi ndi Juni

Anthu a ku Japan amaimba motsatira nyengo, moti nyimbo yokoma ikaimbidwa m'mwezi wolakwika imamveka yosochera. Choncho munthu wa kuno ku Mzuzu amene akufuna kusonkhanitsa nyimbo zawo za m'miyezi ya Meyi ndi Juni ayenera kuyamba wadziwa kalendala yawo. Kumeneko mitengo imaphukira kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo nyengo yotentha imayamba mu Juni n'kutha mu Ogasiti. Nthawi imene tikunena pano ili pakati pa ziwirizi, pamene maluwa a mitengo yotchedwa sakura ayoyoka, mapiri abiriwira, alimi akuwokera mpunga, ndipo mvula yotchedwa tsuyu yayandikira. Mndandanda wabwino uyenera kuyenda momwemo, kuchokera pa masamba anthete, kudutsa m'mvula, mpaka kukafika pakhomo pa kutentha.

Ntchito yoyamba ndi kuchotsa nyimbo zimene si za nthawiyi, ngakhale zili zotchuka kwambiri. Nyimbo za sakura, monga "Sakura" ya Moriyama Naotaro ya 2003, ndi zotsanzikana pomaliza sukulu mu Malichi, ndipo pofika Meyi nthawi yake imakhala itapita. "Shonen Jidai" ya Inoue Yosui ya 1990 imakumbukira nyengo yotentha itatha kale, choncho muisungire nthawi ina. Anthu ambiri amasakaniza zonsezi chifukwa chakuti zimatchula maluwa kapena dzuwa, koma zikatero mndandanda umataya njira.

Yambani ndi nyimbo ziwiri zakale zimene ana amaphunzira kusukulu, chifukwa ndi zimene zimatchula nyengoyi mosabisa. Yoyamba ndi "Chatsumi", imene inatuluka m'buku la nyimbo za sukulu mu 1912, ndipo imanena za kuthyola tiyi. Alimi a ku Japan amawerenga masiku 88 kuchokera pa tsiku limene kalendala yawo yakale imati mphukira yayamba, kuchiyambi kwa Febuluwale, ndipo tsiku la 88 limagwa cha pa 2 Meyi. Pamenepo m'pamene amathyola masamba oyamba, omwe amati ndi okoma kuposa ena onse a chakacho, makamaka m'madera olima tiyi monga Shizuoka. Aliyense amene anaonapo minda ya tiyi ya ku Kawalazi m'boma la Nkhata Bay, anthu atawerama m'mizere madengu ali kumsana, sadzavutika kumva chimene nyimboyi ikujambula. Ana amaiimba awiriawiri akuwombana m'manja, ndipo ngati muli ndi ana pakhomo, ino ndiyo adzaigwire msanga. Yachiwiri ndi "Natsu wa Kinu" ya 1896, imene mawu ake analemba Sasaki Nobutsuna ndipo maimbidwe ake anapeka Koyama Sakunosuke. Imatchula maluwa oyera a pampanda, kulira kwa mbalame ya hototogisu, atsikana owokera mpunga m'mvula ndiponso ziphaniphani. Chinenero chake n'chakale, koma ine ndimaona kuti palibe nyimbo ina imene imaika zizindikiro za nyengoyi pamodzi bwino chotero. Funani imene yaimbidwa ndi kwaya, pakuti mawu ake amamveka bwino kuposa pamene zida zachuluka.

Zikatha ziwirizi ikani "Hanamizuki" ya Hitoto Yo, ya 2004, imene imatchula mwezi wa Meyi weniweniwo. Dzina lake ndi la mtengo umene umachita maluwa sakura ikatha, ndipo mitengo imeneyi dziko la America linapereka kwa Japan mu 1915 pothokoza mitengo ya sakura imene linalandira mu 1912. Woimbayo anailemba atakhudzidwa ndi chiwembu cha ku America cha pa 11 Seputembala 2001, n'chifukwa chake ili ngati pemphero lofunira munthu wina ndi wokondedwa wake zaka zambiri za mtendere. Imayenda pang'onopang'ono, ndipo ndi imodzi mwa nyimbo zimene anthu a kumeneko amakonda kuimba pa karaoke.

Meyi wa ku Japan si wachisangalalo chokhachokha. Chaka cha sukulu ndi cha ntchito chimayamba mu Epulo, kenako pamabwera tchuthi cha Golden Week, kuyambira pa 29 Epulo mpaka pa 5 Meyi, tsiku la ana, pamene mabanja amapachika nsalu zosokedwa ngati nsomba kuti ziziuluzika ndi mphepo. Tchuthichi chikatha, ophunzira ndi antchito atsopano ambiri amagwa ulesi ndi kusungulumwa, ndipo vutoli amalitcha gogatsubyo. Pamenepa m'pamene ndimaika "Ue o Muite Aruko" ya Sakamoto Kyu, ya 1961, imene mu Juni 1963 inafika pamwamba pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard ku America ndi dzina lakuti "Sukiyaki". Si ya nyengo imodzi, chifukwa woimbayo amakumbukira masiku a nyengo zingapo, koma munthu woyenda akuyang'ana kumwamba kuti misozi isagwe akugwirizana kwambiri ndi masabata amenewa.

Tsopano lowani m'mvula. Tsuyu imayamba mu Meyi pa chilumba cha Okinawa, kummwera kwa Japan, ndipo m'madera ambiri imagwa kuyambira kuchiyambi kwa Juni mpaka pakati pa Julayi, nthawi imene maluwa a ajisai amakongola. Apa sankhani nyimbo ziwiri zosiyana mtundu kuti khutu lisatope. "Ame no Bojo" ya Yashiro Aki, imene inapambana mphoto yaikulu ya Japan Record Award mu 1980, ndi ya mayi amene akupempha mvula kuti igwebe ndi kumubweretsera wokondedwa wake, ndipo woimbayo ankadziwika ndi nyimbo za enka, zimene mawu amanjenjemera ndi chisoni. "Rainy Blue" ya Tokunaga Hideaki, ya 1986, ndi yofatsa, ya munthu amene waima m'kanyumba ka lamya pakati pa usiku kunja kukugwa mvula. Ziwirizi ndi zimene zimayenera Mzuzu popanda kusintha kalikonse, chifukwa m'miyezi yomweyi kuno kumacha ndi nkhungu, mawawa akuwaza ku Katoto ndi ku Luwinga, ngakhale kuti mvula yathu ndi yozizira pamene yawo ndi ya chinyezi ndi thukuta.

Pali nyimbo imodzi imene ndikupemphani kuti muiike mosamala. "Shima Uta" ya gulu la The Boom, imene inafala m'dziko lonse la Japan mu 1993, imamveka ngati ya chikondi, ili ndi maluwa ofiira a deigo ndi kulira kwa sanshin, chida cha nsambo zitatu cha ku Okinawa. Koma Miyazawa Kazufumi, woimba wa gululi, anailemba pokumbukira anthu amene anafa pa nkhondo ya ku Okinawa ya 1945, omwe anthu a pachilumbacho amawalira chaka chilichonse pa 23 Juni. Musaiike pakati pa nyimbo zovina, ndipo ngati mukuimvera ndi anzanu, auzeni nkhani yake isanayambe.

Tsekani ndi "Natsuiro" ya Yuzu, anyamata awiri a ku Yokohama amene anayamba ndi kuimba mumsewu ndi magitala, ndipo anaitulutsa mu Juni 1998. Ndi ya mnyamata amene wakweza mnzake kumbuyo kwa njinga, akutsika chitunda chachitali pang'onopang'ono atagwira mabuleki, monga amachitira a sacramento (a kabaza) osamala akanyamula munthu wamkulu. Ndi yothamanga, ndipo imatsegulira nyengo yotentha.

Za nthawi yomvera, pali njira ziwiri. Mukatsata kalendala, mudzamva nyimbozi pamodzi ndi eni ake, mutavala juzi. Mukatsata maonekedwe a dziko, gawo la masamba anthete mulisunge mpaka Seputembala ndi Okutobala, pamene mitengo ya m'thengo imatulutsa masamba ofiirira ndipo kutentha kukubwera. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi pa "Chatsumi" ndi "Natsuiro", koma za mvula ndimazimvera mu Juni.

Pofufuza pa YouTube lembani dzina la nyimbo ndi la woimba m'zilembo zathu zomwezi, chifukwa dzina la nyimbo lokha, makamaka lalifupi, limabweretsa nyimbo zambirimbiri zosagwirizana. Onjezani mawu akuti romaji kuti mupeze mawu a nyimboyo olembedwa m'zilembo zimene mungawerenge. Katchulidwe sikadzakuvutani kwambiri, pakuti Chijapani chili ndi a, e, i, o, u monga Chichewa, ndipo pafupifupi mawu onse amathera pa zilembo zimenezi kapena pa n. Samalani ndi zinthu ziwiri zokha. Pamene paikidwa kamzere pamwamba pa chilembo mukoke mawuwo, ndipo pamene zilembo ziwiri zofanana monga kk kapena tt zatsatizana muime pang'ono musanapitirize. Kuti bandulo isathe msanga, tsitsani kawonekedwe ka vidiyo kufika pa 144p kapena 240p, popeza chimene mukufuna ndi mawu osati chithunzi.