Malangizo kwa Abambo Ofuna Kupimitsa Umuna Atacira Korona

Malangizo awa ndi anu abambo olankhula Cinyanja muno mu Harare, ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Epworth, amene kwanu ndi ku Chipata, Katete kapena Petauke. Tikunena inu amene munadwala korona wocepa, uja wa cimfine, mutu ndi kutentha thupi kwa masiku owerengeka osagonekedwa m'cipatala, koma tsopano mimba ikucedwa pakhomo ndipo mtima wayamba kukayika.

Musathamangire kukapimitsa mutangodzuka pamphasa. Mbewu ya mwamuna imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike m'macende, ndiponso masiku ena kuti ikhwime. Macende analengedwa kunja kwa thupi cifukwa amafuna kuzizirirapo, madigiri 2 kapena 3 kutsika pa 37 a thupi lonse. Thupi likatentha, mbewu zimene zinali kupangika nthawiyo zimatuluka zocepa, zina zofooka posambira, zina zopindika micira. Malungo nawonso amacita cimodzimodzi. Kwa abambo ambiri zimenezi zimatha zokha mbewu zatsopano zikabwera. Conco werengani miyezi itatu kucokera tsiku limene thupi linaleka kutentha, ndiye mupite. Mukapita msanga mudzalipira madola anu n'kubwerako ndi pepala longokusowetsani tulo.

Tsiku lisanafike, khalani masiku osacepera 2 koma osapitirira 7 osagona ndi amayi ndiponso osataya umuna mwa njira ina iliyonse. Sambani m'manja ndi kumaliseche, mupukute bwino. Gwiritsani nchito kabotolo kokhako kamene akupatsani ku labu. Kondomu wamba ayi, mafuta ayi, sopo ndi malovu ayi, cifukwa zonsezi zimapha kapena kufooketsa mbewu. Umuna wonse ulowe m'kabotolo, makamaka madontho oyamba, poti ndimo muli mbewu zambiri. Ngati ena atayika, nenani. Palibe ca manyazi pamenepo, ndipo a ku labu amazimva tsiku ndi tsiku.

Ndi bwino kucitira ku labu komweko. Mukacitira kunyumba, lembani dzina ndi nthawi pakabotolo, ndipo kafike pasanathe ola limodzi. Ganizirani za mzere wa makombi m'mawa musanasankhe zimenezi. Kabotolo muike m'thumba la mkati mwa jekete, kakhudze thupi, makamaka m'cisanu ca June ndi July. Osaika mufiriji, osasiya padzuwa m'galimoto. Muuzeni dokotala tsiku limene munadwala korona ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba ogula pa Mbare Musika.

Pepala la zotsatira likabwera, manambala ake amawayerekeza ndi a m'buku la World Health Organization la 2021: umuna wokwana 1.4 ml, mbewu 16 miliyoni pa ml iliyonse, 42 pa 100 zoyenda, ndipo 4 pa 100 zooneka bwino. Kutsika pang'ono pa manambala awa sikutanthauza kuti ndinu gojo. Alipo abambo otsika amene ali ndi ana. Kupima kamodzi sikugamula mlandu, ndipo dokotala adzakuuzani kuti mubwereze.

Tsopano za mahomoni. Testosterone, imene imapatsa mwamuna cilakolako ndi nyonga, imapangidwa m'macende molamulidwa ndi homoni ina yochedwa LH yocokera kunsi kwa ubongo, pomwe homoni inanso yochedwa FSH imayang'anira kupangika kwa mbewu. Munthu akadwala, testosterone imatsika. Ndiye kutopa kuja, ndi kusafuna za kucipinda milungu ingapo mutacira, musati mwagwa m'papaya. Zikapitirira miyezi itatu, kapimitseni magazi m'mawa, isanakwane 10 koloko, musanadye kanthu, cifukwa homoniyi imakwera m'mamawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Ikapezeka yotsika, apimenso tsiku lina.

Apa tikucondererani ndi mtima wonse. Musagule jekiseni kapena mapiritsi a testosterone kwa anyamata a ku jimu kapena pa WhatsApp. Ubongo ukaona homoni yambiri yocokera kunja umaleka kutumiza LH ndi FSH, ndipo macende amaleka kupanga mbewu. Bambo amadziona wamphamvu, minofu yatukumuka, pomwe umuna wake mulibe kanthu. Amene akufuna mwana asayandikire mankhwala amenewa popanda dokotala.

Katemera wa korona, kuphatikizapo Sinopharm amene anayamba kubayidwa m'Zimbabwe mu February 2021, sacotsa ubereki.

Cende likatupa kapena kuwawa, pitani kukiliniki. Ululu ukabwera mwadzidzidzi ndi mwamphamvu, mpaka mseru, thamangirani ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital usiku womwewo, cifukwa mwina cende lapotoka, ndipo cende lopotoka limafuna opaleshoni pasanathe maola 6.

Ngati mwatha caka cathunthu mukugona limodzi popanda njira yolera koma mimba osaoneka, kapena miyezi 6 ngati amayi apitirira zaka 35, pitani nonse awiri. Tazolowera kuloza cala mkazi, alamu ndi apongozi n'kuyamba kumunena, pomwe bambo sanapimidwepo n'kamodzi komwe. Kupima bambo n'kosavuta ndiponso n'kochipa kuposa zambiri zimene amapima mayi, conco yambani ndinu. Tengani makhadi anu a kucipatala, ndipo tsiku limene munadwala mulilembe papepala musananyamuke.