Mmene mungathandizire agogo kapena m'bale waulumali kulowa mu Mtukula Pakhomo

Choyamba mudziwe kuti Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yopereka ndalama kwa makomo osaukitsitsa, si penshoni ya aliyense amene wakalamba ayi, ndiye musawanyamule agogo kupita nawo kwa DC kuti akawalembe, mungotaya ya thiransipoti. Pulogalamuyi inayambira ku Mchinji mu 2006, pano ili m'maboma onse 28, ndipo imathandiza khomo osati munthu payekha, makomo akenso ndi ochepa, pafupifupi 10 pa 100 alionse, aja osaukitsitsa opanda wowagwirira ntchito.

Amaona ngati pakhomopo pali munthu wa zaka 19 mpaka 64 woti angalime kapena kugwira ganyu. Ngati palibe, kapena alipo mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu monga ana, okalamba, aulumali ndi odwalika, khomolo lili ndi mwayi.

Mayina amachokera mu kalembera wa boma wa makomo wotchedwa UBR, ndiye mukamva kuti olemba afika m'mudzi tsiku limenelo agogo asapite kudimba, ndipo inu mukhalepo. Apa ndi pamene ambiri amagwera chifukwa akuluakulu athuwa amachita manyazi ndi alendo, akafunsidwa kuti mumadya kangati patsiku amayankha "timadya bwino mwanawanga" chonsecho dzulo agonera maungu, mbuzi ya mwana wawo wa ku tauni yomwe akungosunga nayonso amati ndi yawo. Muwakumbutse anene zoona zake basi, osawonjezera osachotsera, adzukulu onse ogona m'nyumbamo awerengedwe, ndipo ngati wina ali ndi ulumali kapena matenda a mgonagona zinenedwe, bukhu la kuchipatala likhale pafupi.

Chitupa cha unzika cha NRB chikhalepo, muonenso kuti dzina lalembedwa ndendende ngati pachitupapo, kalemba kamodzi kokha kakasiyana mudzayenda maulendo mpaka kutopa.

Kenako pamakhala msonkhano wa mudzi pomwe amawerenga mayina, musajombe. Dzina likasowa koma inu mukuona kuti khomolo likuyenera, kadandauleni kukomiti ya m'dera ija amati CSSC, zikakanika pitani ku ofesi ya Social Welfare paboma. Kulembedwa ndi kwaulere, wina akati mupereke ya fanta kuti dzina lilowe, kaya ndi wakomiti kaya ndi nduna ya amfumu, mukanene.

Ndalama zake zimatengera kuchuluka kwa anthu pakhomo, ndipo pamakhala kena kowonjezera pa mwana aliyense wa kupulayimale kapena kusekondale, si zambiri kunena zoona koma sopo, mchere ndi makope zimagulika. Ngati agogo sangathe kuyenda amaloledwa kulembetsa wowalandirira, asankhe okha munthu amene amamukhulupirira osati amene wadzipereka mwachangu uja. Kumene amalandirira pafoni kapena pakhadi, PIN asamauze ejenti, ndipo mukatapa muwerengere limodzi ndalamazo pomwepo musanachoke.