Ma node akutsekeka chifukwa cha ma door osaona kuti munthu wapita

Chiyambireni mvula, madandaulo ochokera kwa anzanga oyendetsa BBS (kompyuta imene anthu amalowamo ali kutali kudzasiyirana mauthenga ndi kusewera masewera) ndi amodzimodzi: node (malo a munthu mmodzi wolowa) yaima, kompyuta ikutentha, anthu akulephera kulowa. Ena akuloza chala magetsi, ena akuti kakompyuta kawo ka Raspberry Pi kakalamba. Koma ndikawapempha kuti anditumizire script ya door (pulogalamu yapadera, monga ya masewera, imene BBS imatsegulira wolowayo) imene inkayenda nthawi imeneyo, vuto limaonekera pompopompo. Door ikudikira kuti munthu adine batani, koma palibe paliponse pamene ikufunsa ngati munthuyo akadalipo.

Nyengo ino netiweki ya foni imadukaduka, bandulo imatha munthu ali pakati pa masewera, magetsi amazima kwa wolowayo inu kwanu akuyaka. Munthu wotere sachoka potsanzika. Sadina Q, sabwerera ku menyu, amangosowa basi. Ndiye door yanu, imene munailemba ngati aliyense amatuluka mwaulemu, imatsala ikudikira.

Kudikirako kumachitika mitundu iwiri, ndipo yonse ndi yoipa. Ngati pulogalamu ya wolowayo, kaya ndi SyncTERM kaya ina, yatseka mzere bwinobwino, socket (polumikizira netiweki) imauza script yanu kuti kwatha: mu Python, recv() imabweza zopanda kanthu, ndipo input() imaponya EOFError. Uthenga ndi womveka. Koma taonani zomwe ambiri mwalemba: while True, kenako pansi pake except: continue. Mwauza script kuti chilichonse chikavuta ingoyambiranso. Imayambiranso, imapeza zopanda kanthu, imayambiranso, osapuma ngakhale pang'ono, mpaka purosesa yonse ili pa ntchito yozungulira pamalo amodzi. Kutentha kuja n'kumeneku. Wina anagula fani yatsopano, pomwe chofunika chinali kusintha mzere umodzi.

Mtundu wachiwiri ndi wachinsinsi, ndipo ndi umene wachuluka dzinja lino. Foni ikataya netiweki mwadzidzidzi siitumiza uthenga wotseka. Kumbali yanu mzere wa TCP umaoneka wamoyo. recv() imangokhala chete, purosesa ili phee, palibe cholakwika cholembedwa mu log. Mukayang'ana mndandanda wa ma node mukuona dzina la munthu, akuti akusewera. Mumasangalala kuti door yanu yakondedwa, munthu wakhalamo usiku wonse. Mwini wake anagona kalekale.

Tsono tiwerengere zomwe zimatayika. Muli ndi ma node anayi. Usiku umodzi wamabingu anthu atatu aduka ali m'door yomweyo, mwatsala ndi node imodzi. Wachinayi akadukanso, BBS yanu ili moyaka koma yotseka, ndipo inu simukudziwa chifukwa muli kuntchito. Anthu olowa BBS masiku ano si ambiri. Munthu akakanizidwa kawiri katatu amapita kwina ndipo sabwera kudzadandaula. Kuwonjezera apo, ambiri mumapanga fayilo ya loko kuti anthu awiri asalembe m'fayilo ya zigoli nthawi imodzi, chomwe ndi chinthu chabwino. Koma script ikaima, lokoyo imatsala. Mukaipha script mokakamiza, imatsalabe. Kuyambira pamenepo aliyense wolowa amauzidwa kuti adikire wina amalize, pomwe winayo kulibe. Ndipo ngati mumasunga zigoli pokhapokha munthu akamatuluka, zonse zomwe anachita tsikulo zapita.

Pali bambo wina, mlimi wa mpunga, amene amalowa madzulo pa foni akaweruka kumunda. Amakonda masewera aja opatsa munthu mwayi wowerengeka patsiku, monga mmene Legend of the Red Dragon ya Seth Robinson imachitira ndi nkhondo zam'nkhalango. Door imene ankasewera inali yolembedwa ndi mnyamata woyendetsa BBS yomweyo. Tsiku lina netiweki inaduka atangopambana, ndipo atalowanso anauzidwa kuti ali kale m'masewera, sangalowe kawiri. M'mawa mwake chimodzimodzi. Mnyamata uja atazimitsa ndi kuyatsanso kompyuta, bambowo anapeza kuti mwayi wa tsiku lija wawerengedwa kuti anaugwiritsa ntchito, koma zomwe anapambana sizinalembedwe. Script inkachotsa mwayi polowa, n'kumasunga zigoli potuluka. Uthenga womwe anasiya unali waufupi: akuti achimwene, zili ngati thumba la chimanga pamzere wa kuchigayo mwini wake atapita kumaliro, iye sakugayitsa, ife kumbuyo sitikusuntha. Kenako anafunsa ngati mbewu ya Kilombero ikupezeka kumene mnyamatayo amakhala, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanaonekenso kwa nthawi yaitali.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti vuto limeneli si lachilendo. Chiyambire pamene Ward Christensen ndi Randy Suess anatsegula CBBS, BBS yoyamba, ku Chicago mu 1978, anthu akhala akuduka pakati pa zochita. Nthawi ya modemu panali waya wake wa DCD wonena ngati mzere ulipo, ndipo door iliyonse yolembedwa mwanzeru inkafunsa dalaivala ya FOSSIL (pulogalamu yolankhula ndi modemu), monga X00 kapena BNU, isanadikire batani. FOSSIL inalinso ndi mlonda wake woyambitsanso kompyuta mzere ukaduka, chifukwa choopsa chinali chakuti woimba wotsatira akanatha kugwera m'malo a amene waduka, ndi dzina lake ndi maufulu ake. Akale aja ankadziwa. Lero waya wa DCD kulibe, njira zolowera pa intaneti za telnet ndi SSH zalowa m'malo, ndiye ena mwaganiza kuti nkhaniyo inapita ndi modemu. Sinapite. Chinapita ndi waya wokuuzani.

Ndiye pali chizolowezi china chomwe ndatopa nacho, choyesa door muli pa kiyibodi ya kompyuta yomweyo. Mzere woyamba wa DOOR32.SYS, fayilo imene BBS imalembera door zokhudza wolowayo, ukakhala 0 ndiye kuti muli pomwepo, palibe netiweki yoti iduke. Zoonadi iyenda bwino! Mumalowa, mumasewera, mumadina Q, mumati yatheka, n'kuiika pa menyu. Munaonapo mlendo wotuluka mwadongosolo chonchi nthawi zonse? Ndipo ikavuta, mankhwala anu ndi kuzimitsa n'kuyatsanso. Ena mwafika poika kompyuta kuti izidziyambitsanso yokha usiku uliwonse, n'kumanena kuti mwakonza. Mwangobisa, ndipo mukudula ngakhale amene anali kusewera bwinobwino nthawi imeneyo.

Nthawi yotsala nayonso simuiwerenga. BBS imakulemberani m'fayilo yotereyi, yotchedwa dropfile, kuti munthuyu watsala ndi mphindi zingati: mu DOOR32.SYS, yomwe ili ndi mizere 11 yokha, ndi mzere wa 9, mu DOOR.SYS ndi mzere wa 19, masekondi ali pa 18. Ma script ambiri amene ndaona amatenga dzina la munthu n'kutaya zina zonse. Chikhala kuti mumawerenga mzere umenewu, ngakhale door yoima ikanadzitseka yokha nthawi ikakwana, node n'kumasuka. Sindikufotokozerani mmene amawerengera fayilo, zimenezo mukuzidziwa.

Olemba mu JavaScript pa Synchronet, pulogalamu yoyendetsera BBS, ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa mlembi wake Rob Swindell anaikamo zoti script iimitsidwe munthu akaduka. Koma ndaona ena atazimitsa chitetezo chimenechi, js.auto_terminate, pofuna kuti asunge kaye zigoli, kenako n'kuiwala kufunsa bbs.online (yonena ngati munthu akadalipo) m'kati mwa lupu yawo. Mwachotsa chitetezo n'kusaikapo chanu. Olemba pa Mystic, pulogalamu inanso ya BBS, mu chilankhulo chake cha MPL kapena mu Python, musamasuke ayi, funso ndi lomwelo: paliponse pamene mukudikira batani, chichitike n'chiyani ngati batanilo silibwera mpaka kalekale?

Zoti muchite ndi zochepa. Chotsani except wopanda dzina uja. Recv() ikabweza zopanda kanthu kapena EOFError ikabwera, sungani zigoli ndipo tulukani. Ikani malire a nthawi pa kudikira kulikonse, settimeout() kapena select() zimatha, ndipo munthu akakhala chete kwa mphindi zingapo mumuchenjeze kamodzi kenako mutseke. Werengani mphindi zotsala polowa, ndipo muzifananiza ndi wotchi pa kuzungulira kulikonse. Pa Synchronet lembani while(bbs.online) m'malo mwa while(true). Sungani zigoli akamaliza gawo lililonse, osati potuluka pokha, ndipo muchotse mwayi wa tsikulo nthawi yomweyo imene mukusunga zotsatira zake. Kuchotsa loko kukhale mu finally (gawo loyenda ngakhale china chitavuta), komabe magetsi akazima finally siiyenda, choncho lembani nambala ya node ndi nthawi m'fayilo ya lokoyo kuti door ikamayamba izitha kuzindikira loko yakale n'kuichotsa. Musanaike door pa menyu, lowani pa foni, fikani pakati pa masewera, zimitsani data osatseka pulogalamu, ndipo muyang'ane ngati node yamasuka yokha. Muyesenso kachiwiri potseka pulogalamuyo mwadzidzidzi, chifukwa njira ziwirizi zimaduka mosiyana.