Jakisoni wolera satchinga HIV, amayi anzanga

Kangapo konse ndamva atsikana a kwathu pa saluni ku Yeoville, muno mu Johannesburg, akuti, "Ine ndinabayitsa, palibe choopa." Mawu amenewa amandiwawa mtima. Jakisoni wa miyezi itatu, mapiritsi, lupu ngakhalenso kachipangizo koika pamkono kaja, ntchito yake ndi kuletsa mimba basi. Kachilombo kamalowabe. Njira yolera yotchinga zonse ziwiri ndi kondomu yokha, ya abambo kapena ya amayi, ndipo m'makiliniki a boma muno mu Johannesburg amapereka ulere.

Ngati bambo a kunyumba amakana kondomu, kapena sanayezetsepo magazi, tsiku lokabayitsa lomwelo funsani anesi za PrEP, piritsi lomwa tsiku lililonse kuti musatenge kachilombo. Kondomu ikang'ambika musagonere: pitani pasanathe maola 72 mukalandire PEP, mankhwala oletsa kachilombo kukhazikika m'thupi, pamodzi ndi piritsi loletsa mimba mwadzidzidzi.

Inu amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, auzeni anesi musanaikitse cha pamkono chija, chifukwa efavirenz (mtundu wina wa ma ARV) ndi rifampicin (wa TB) amachichepetsa mphamvu, mimba n'kulowa. Ndipo ngati muli ndi HIV, mukafuna mwana yambani mwayezetsa viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi), kachilombo kachepe kaye m'magazi kuti mwanayo abadwe wopanda.