Momwe mungawotchere mwendo wa nkhosa pa Khirisimasi

Anthu ambiri kuno akamva za nyama ya nkhosa amakwinya nkhope, ati imanunkha. Fungolo limakhala m'mafuta, ndipo limakula nkhosa ikamakalamba. Choncho ntchito imayambira kubutchala. Pemphani mwendo wakumbuyo wa nkhosa yanthete wolemera makilogalamu 2, womwe umakwana anthu 6 kapena 8. Nyama yake ikhale yofiirira pang'ono, mafuta oyera ndi olimba. Mukaona yofiira kwambiri, mafuta achikasu, dziwani kuti ndi nkhalamba, imeneyo ndi ya mumphika.

Yambani dzulo lake madzulo. Sengani mafuta okhuthala ndi mpeni wakuthwa, musiye ochepa pamwamba kuti nyama isaume. Mukamtondo sinjani timagawo 6 ta adyo, supuni yaikulu imodzi ya mchere, tsabola wakuda ndi rosemary (timasamba tonunkhiritsa nyama) ngati wapezeka. Okonda zowawa aponyemo kambuzi mmodzi, osapitirira, pali ana. Finyiranimo mandimu awiri ndi kuthira masupuni atatu a mafuta ophikira. Kenaka boolani mwendo wonse ndi nsonga ya mpeni, mabowo oti chala chilowe, n'kukanikizira zosinjazo mkati. Apa musachite ulesi: zongopaka pamwamba zimapserera, nyama ya kufupa n'kukhala yozizira mchere. Vundikirani, igone mufiriji.

M'mawa itulutseni ikhale panja ola limodzi. Yatsani uvuni pa madigiri 160. Pathireyi yalani anyezi atatu oduladula ndi karoti, ikani mwendo pamwamba pake, thirani kapu imodzi ya madzi m'mbali, ndipo phimbani ndi foil osasiya mpata. Ipse maola atatu. Nkhosa zathuzi zimayenda mtunda wautali kukadya, nyama yake ndi yolimbirako, n'chifukwa chake moto wochepa wa nthawi yaitali ndi umene umaifewetsa. Pakatha ola lililonse suzumirani, madzi akaphwa onjezerani pang'ono.

Mbatatesi za ku Dedza kapena Ntcheu zisendeni, zibwate mphindi 10 m'madzi a mchere, muzitsanule. Maola atatu aja akakwana chotsani foil, kwezani moto kufika 200, ikani mbatatesi m'mbali mwa nyama ndi kuzithira mafuta a m'thireyimo. Pakatha mphindi 25 nyama imakhala itafiira bwino. Bayani ndi foloko pafupi ndi fupa: ikalowa osakakamiza, madzi otuluka n'kukhala oyera, yapsa.

Magetsi akazima musataye mtima. Ikani zonse mumpoto wachitsulo wokhuthala, makala ochepa pambaula, ambiri pachivundikiro, monga timachitira pophika chigumu. Tembenuzani nyama pakatha mphindi 40 zilizonse. Ambiri amalakwitsa podzaza mbaula, pansi n'kupserera mkati muli mwamuwisi.

Ikapsa musafulumire kuidula, ngakhale alendo ayambe kuzungulira kukhitchini. Iikeni pambale, iphimbeni mphindi 20 kuti madzi ake akhazikike, uku mbatatesi zikumalizika mu uvuni pathireyi ina. Nthawi imeneyi konzani msuzi. Yengulani mafuta oyandama m'thireyi ndi supuni, zotsalazo kokoterani mukapoto pamodzi ndi anyezi uja, thirani supuni ya ufa wa tirigu ndi kapu ya madzi, takasani mpaka ulimbe. Ngati pali nsima, onjezerani tomato awiri, apo ayi akuluakulu adandaula kuti ndiwo n'zouma.

Dulani mopingasa minyewa ya nyama, tizidutswa topyapyala. Mpunga wa Kilombero ndi kabichi kapena mpiru zimayenda nayo bwino. Mbale zodyera muzitsuke m'madzi otentha musanapakule, chifukwa mafuta a nkhosa amagwirana msanga akazizira ndipo amamata m'kamwa.